Mbumba ya Mitima Yakumanja

Ana anga nkhaniyi amaidziwa, koma amaidziwa mmene amaikambira mayi awo, ndipo mayi awo akamakamba za ine sasunga mchere. Ndiye lero ndiikambe ndekha, manyazi akewo ndisenze ndekha. Ine Layisoni, dresala wa zaka zambirimbiri, ndinasamutsapo mitima ya anthu asanu a banja limodzi, kuichotsa kumanzere kuipititsa kumanja, popanda mpeni kapena dontho la magazi. Ndipo ntchito yabwinoyo inatsala pang'ono kundimanitsa mkazi.

Anali masiku a Chitaganya, ndisanakwatire. Ndinkagwira ntchito pa kachipatala ka mishoni kumunsi kwa phiri la Michesi, kamtunda ndithu kuchokera pa Migowi. Ntchito yanga inali kutsuka zilonda, kumanga mabandeji ndi kuwiritsa masingano a jakisoni. Koma mukanandiona Loweruka pamsika, kabudula wa kaki wosita, masokosi ofika m'maondo, cholembera chili pakhutu, mukanalumbira kuti dokotala wamkulu wa boma lonse ndi ameneyu.

Dokotala weniweni anali mzungu wokhala ku Mulanje, ndipo kwathu ankabwera kawiri pamwezi. Tinkawatcha a Msangamsanga, poti m'Chinyanja chonse mawu amene anawagwira bwino anali amenewo.

Tsiku lina anatsitsa m'galimoto bokosi lolemera ngati thumba la nandolo. Anali makina ojambula kagundidwe ka mtima. Wodwala ankagona chagada pabedi. Unkamupaka mankhwala amchere pamikono ndi pa akakolo, n'kumumangirira tizitsulo tinayi ndi malamba a mphira, kenako n'kulumikiza mawaya. Ukayatsa, kasingano kankavina pa pepala lalitali lopyapyala, n'kumajambula timapiri ndi tizigwa. Dokotala akayang'ana timapiri timeneti ankadziwa ngati mtima ukugunda mwadongosolo, ngati wakula, kapena ngati matenda a m'mapapo ayamba kuutopetsa. Ankati nthawi zina pepalalo limaneneratu vuto mwini wake asanayambe n'komwe kulimva.

Msewu wathu unali wa mabampu okhaokha, ndiye anaona kuti kuyenda nalo bokosilo uku ndi uku adzaliphwanya. Analisiya kwa ife, n'kundiphunzitsa ine kujambula. Aliyense wobwera ndi befu kapena mtima wothamanga, ndimujambule, pepalalo nditumize ku Mulanje ndi wa makalata. Waya wa pachifuwa anandiletsa kumukhudza, ameneyo anali wawo. Anga anali a m'manja ndi m'miyendo.

Tebulo la makina linkakhala kumutu kwa bedi, ndipo pondiphunzitsa anandiimika komweko, kumutu kwa wodwala. Waya wofiira kudzanja lamanja, wachikasu kudzanja lamanzere. Ine mwa nzeru zanga ndinalifupikitsa phunzirolo: wofiira mbali ya dzanja langa lodyera, basi. Ndinajambula anthu ambiri choncho osalakwitsa, mpaka tsiku lina dokotala anandisisita paphewa n'kunena kuti, "Very good, Layisoni."

Very good ameneyo ndi amene anandiwononga.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikufunsira Elube, mtsikana wa kufupi ndi pa Chiringa. Elube anali atandilola, mayi ake analibe nane chifukwa, koma mwini mbumba anali atsibweni ake, a Mukhuna. Amenewa anagwirako ntchito kumigodi ku Joni, ndipo anabwerako ndi zinthu zitatu: chipewa, jekete ndi chifuwa chosatha. Ankhoswe anga anapitako kawiri konse, yankho lake limodzimodzi, "Tiona." Ndinamvanso m'mphepete kuti ndikachoka ankanditcha wotsuka zilonda. Zinkandiwawa kwambiri.

Kenako chifuwa chija chinakula. A Mukhuna anayamba kutsika panjinga pa kachitunda kalikonse, akupuma ngati mvukuto. Elube anawanyengerera mpaka analola kubwera kuchipatala. Nditawaona akulowa pageti, mumtima ndinati lero wotsuka zilonda aonetsa chimene ali.

Anagona pabedi, chipewa chili pamimba. Anandifunsa ngati magetsiwo alowe m'thupi mwawo, poti ku Joni anaonapo magetsi ataumitsa munthu. Ndinawayankha kuti asade nkhawa, makinawa amangomvetsera, saluma. Ndinathiramo ndi tizungu tiwiri titatu kuti amve kulemera kwake.

Ndiye ndinapita kumutu kwa bedi monga mwa masiku onse, koma ndinangoti njii. Ine kuima kumutu kwa munthu wamkulu atagona? Ine kuyang'ana dazi la apongozi kuchokera pamwamba? Mayi anga sanandilere choncho. Ndinakoka tebulo lija kupita nalo kumapazi, ndinagwada pansi mwaulemu wonse titayang'anizana, n'kuyamba kulumikiza. Wofiira mbali ya dzanja langa lodyera, wachikasu mbali inayo.

Pepala litatuluka ndinadabwa. Pa mzere woyamba, timapiri tija timene kwa anthu onse timaloza kumwamba, kwa a Mukhuna tinkaloza pansi, ngati Michesi ukamamuona m'chithaphwi. Ndinalikulunga bwinobwino n'kulipereka kwa wa makalata.

Patatha masiku anayi yankho linabwera. Dokotala analemba kuti pali ziwiri. Mwina mtima wa bamboyu uli kumanja, zimene zimachitikadi kwa anthu owerengeka kwambiri, kapena ndasinthanitsa mawaya a m'manja. Ndibwereze mosamala.

Ndinawerenga kawiri n'kuseka ndekha. Kusinthanitsa mawaya, ine? Munthu wa very good? Komabe poti bwana alamula, ndinawaitanitsanso a Mukhuna, ndinagwadanso kumapazi, waya wofiira ndinamuyang'ana katatu kuti alidi mbali ya dzanja langa lodyera. Timapiri tinalozanso pansi. Basi, nkhani inathera pomwepo. Theka loyamba la kalata ija ndinaliloweza pamtima, theka lachiwiri ndinaliiwala dala.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinapalasa njinga mpaka ku Chiringa. Anandipatsa mpando pansi pa mtengo wa mango, anandiikira mbale ya kalongonda, achibale n'kukhala mozungulira. Ndinayamba ndatsokomola kaye ngati dokotala, kenako ndinalengeza kuti sayansi yapeza kuti mtima wa bambo Mukhuna uli kumanja.

A Mukhuna anagwira pachifuwa chakumanzere. "Nanga ichi chikugunda apachi n'chiyani?"

"Amenewo ndi mawu chabe, bambo," ndinayankha osaphethira. "Simunamvepo pa mpata wa Fort Lister, ng'oma ikulira ku Michesi koma n'kumamveka ngati ikulira ku Mulanje? M'chifuwa mwanu zikuchitika zomwezo."

Ndinkayembekezera kuti achita mantha. Ayi ndithu, anakondwa. Ndinali nditawauza kuti anthu otere ndi osowa, ndipo mawu akuti osowa anawakomera ngati uchi. Akazi awo anati iwo ankadziwa kalekale kuti pali chinachake, poti munthu wamakani choncho sangakhale ndi mtima pamalo pake. Sabata isanathe mbiri inali itafika pa Migowi. Anthu ankabwera kudzagunditsa khutu kumanja kwa chifuwa chawo, ndipo ambiri ankachoka akuchitira umboni kuti aumva ndithu. A Mukhuna anatenga jekete ya ku Joni ija kupita nayo kwa Che Amidu, telala wa pa Migowi, kuti asomphole thumba la pachifuwa alisokerere kumanja. Ankati wotchi ya munthu iyenera kukhala pafupi ndi mtima wake.

Za wotsuka zilonda zinatha. Tsopano ndinali adokotala athu. Ndikadutsa panjinga ana ankandithamangira, ine n'kumangogwedeza mutu pang'ono ngati munthu wozolowera.

Mvula inagwa yambiri mwezi umenewo, mlatho wa panjira ya ku Mulanje unakokoloka, ndipo dokotala sanabwere kwa milungu ingapo. Panalibe wondibweza.

Mmawa wina a Mukhuna anatulukira ndi gulu. Ankafuna kudziwa ngati zimenezi zili m'magazi a mbumba yonse. Anabwera ndi mlongo wawo, amene ndi mayi a Elube, mayi aang'ono, mchimwene wake wa Elube, ndi Elube yemwe. A Mukhuna anakoka mpando n'kukhala kumutu kwa bedi ngati woyang'anira mayeso, ndiye ine ndi tebulo langa tinakhalanso kumapazi.

Kugwira akakolo a apongozi aakazi sindikanayerekeza. Ndinaitana mayi Feliya, amene ankathandiza kuwodi ya amayi, kuti azimanga malamba, ine ndizingowapatsira mawaya maso ali pansi. Nditawapatsira wofiira anaima kaye.

"A Layisoni, kodi wofiirayu suja amakhala dzanja linali?"

"Mayi, amene anaphunzitsidwa ndi dokotala ndi inu kapena ine?"

Anangoti chabwino, n'kumanga mmene ndinanenera. Apongozi, timapiri pansi. Mayi aang'ono, pansi. Mlamu wanga, pansi. Elube, pansi. A Mukhuna ankalandira pepala lililonse ndi manja awiri ngati satifiketi. Mbumba yonse inali yakumanja, ndipo woitulukira ndinali ine.

Ndikukonzekera kutseka makina, a Mukhuna anati popeza ndikufuna kulowa m'banja lawo, nanenso ndijambulidwe aone. Ndinavula nsapato mokondwa, ndinagona pabedi, ndinadzimangirira ndekha. Wofiira padzanja langa lodyera. Mayi Feliya anayatsa. Timapiri tinatuluka titaimirira bwinobwino, toloza kumwamba.

"Mwaona kusiyana kwake?" ndinatero monyadira. "Wanga uli kumanzere, ngati wa anthu wamba."

A Mukhuna anayang'ana pepala langa, anayang'ana la Elube, anavala chipewa n'kutsogolera anthu awo kutuluka.

Patatha masiku awiri ankhoswe anga anabwera nkhope zili zogwa. A Mukhuna anati za ukwati ziyambe zaima. Mkazi wa mtima wakumanja, mwamuna wa mtima wakumanzere, ana obadwawo mtima wawo udzakhala pati? Pakati, pamene pamadutsa chakudya? Iwo monga mwini mbumba sangalole kuti adzukulu awo azidzatsamwa ndi mtima. Adzafufuza mnyamata wofanana naye Elube. Ndipo mwadzidzidzi ku Chiringa kunapezeka anyamata atatu amene anayamba kumva mitima yawo ikugunda kumanja. Mmodzi wa iwo anali mphunzitsi wokhala ndi njinga yatsopano.

Ndinali nditadzikumbira dzenje ndi manja anga, ndipo ndinalisalaza bwino m'mbali.

Elube anabwera yekha kuchipatala, ati kudzatenga mankhwala a chifuwa a atsibweni. Anandiitanira kuseri kwa khonde.

"A Layisoni, mtima wanga ndimaudziwa pamene uli. Inu mukamatulukira panjinga paja, umagunda apa." Anagwira kumanzere. "Kauzeni atsibweni kuti munalakwitsa."

Tsopano tamvani uchitsiru wake. Mtsikana wandiuza mawu okoma chotero, mawu amene mnyamata wina akanagona nawo osadya sabata yathunthu, koma ine ndinayamba kumufotokozera za ng'oma ya pa Fort Lister. Ndinamaliza ndi kunena kuti makina sanama.

"Ndiye kwatirani makinawo," anatero, n'kunyamuka.

Masiku otsatira ndinaganiza mpaka mutu kuwawa. Ndinafika pokumbukira theka lachiwiri la kalata ija, n'kuganiza kuti nditati ndisinthanitse dala mawaya pa ine mwini, pepala langa lingatuluke lakumanja, a Mukhuna n'kundilandira. Taonani, nzeru yoti kusinthanitsa mawaya kumatembenuza timapiri ndinali nayo m'manja, koma sizinandigunde n'komwe kuti mwina ndi zimene zinachitika pa anthu asanu aja. Ndinangoikana nzeruyo chifukwa inali yachinyengo. Ine ndinali munthu wosalakwitsa mawaya, ngakhale mwadala.

Mlatho utakonzedwa, uthenga unabwera kuti dokotala afika Lachitatu mmawa. Ndinatumiza mawu ku Chiringa kuti onse abwere. Ndinkaganiza kuti mzungu akawauza yekha kuti ana sabadwa ndi mtima pakati, a Mukhuna afewa. Anabweradi mbumba yonse, ena n'kumasuzumira pamazenera. A Mukhuna anavala jekete ya thumba lakumanja.

Ndinayala mapepala asanu aja patebulo mwadongosolo. Dokotala anawayang'ana limodzilimodzi, nsidze zikukwera. Anandifunsa ngati ndinawerenga kalata yawo yonse. Ndinati yes sir, ndipo ndinabwereza monga analamulira. Anatenga kachipangizo kawo ka m'makutu, anamvetsera chifuwa cha a Mukhuna kumanzere, anamvetsera kumanja, anagogoda ndi zala uku ndi uku. Anangovula nsapato ndi masokosi, anapinda malaya, n'kugona pabedi paja.

"Pima ine. Msangamsanga."

Bwana wanga, munthu wa imvi, atagona chagada, apongozi onse akuonerera. Ndikanaima bwanji kumutu kwawo? Ndinagwada kumapazi mwaulemu wonse. Wofiira mbali ya dzanja langa lodyera. Ndinaona mayi Feliya atagwira pakamwa ndi nsalu, koma ndinayesa akutsokomola.

Kasingano kanavina, pepala linatuluka. Timapiri tinaloza pansi.

Munthu wanzeru akanazindikira pamenepo. Ine ndinang'amba pepalalo, ndinaliyang'ana, ndinatsitsa mawu ngati wopereka uthenga wa maliro.

"Pepani bwana. Nanunso."

A Mukhuna anadzuka pampando, anafananiza pepala la dokotala ndi lawo, kenako anavula chipewa. Anayandikira pabedi mwaulemu.

"Bwana, mundikhululukire kufunsa. Mayi anu kwawo n'kuti? Sanachokere cha ku Chiringa kuno?"

Mayi Feliya atamasulira funsolo, dokotala anaseka mpaka bedi linkalira. Atapezako mpweya anakweza dzanja limene linali ndi waya wofiira. Linali lamanzere.

"Layisoni. Kumanja kwa ndani? Kwa iwe, kapena kwa wodwala?"

Ndinayang'ana dzanja lawo. Ndinayang'ana langa. Ndinayang'ana pamene ndinagwada. Ukaima kumutu kwa munthu wogona, kumanja kwako ndi kumanja kwake. Ukapita kumapazi n'kuyang'anizana naye, zimatembenuka. Mwana aliyense wopatsa moni amazidziwa zimenezi. Thukuta linayenderera mpaka m'masokosi, ndipo ndinalakalaka simenti ya pansi ija itang'ambika ndilowemo.

Mayi Feliya anamasulira zonse kwa anthu a pamazenera, mokweza, mosasiyako kanthu, mwina anawonjezerako ndi zawo. Dokotala anandiimika kumutu kwa bedi n'kundiuza ndiwajambulenso onse asanu, ulemu ndiusiye panja. Mmodzimmodzi mitima inabwerera kumanzere.

Pa pepala la a Mukhuna dokotala anasiya kuseka. Anawaika waya wa pachifuwa uja, anayang'anitsitsa, n'kunena kuti mtima uli pamalo pake koma ukugwira ntchito yolemetsa, chifukwa mapapo anawonongeka ndi fumbi la kumigodi. Anawapatsa mankhwala, anawaletsa fodya, n'kuwalembera kalata yokajambulitsa chifuwa ku Blantyre. Apa ndiye manyazi enieni anandigwira. Mwezi wathunthu munthu ankadwala, ine ndili kalikiliki kumutchukitsa.

Titatuluka panja a Mukhuna anali atakwiya koopsa. Za fodya analibe nazo kanthu kwenikweni. Chinawawawa chinali chakuti abwerera kukhala munthu wamba, ndipo pa Migowi adzayenda bwanji ndi jekete imeneyo. Ndinagwada pafumbi, kabudula wosita ndi masokosi omwe, n'kupepesa. Anati munthu wowachititsa manyazi chotere sangapondenso pakhomo pawo. Elube anali chapatali akukanda pansi ndi chala chakuphazi. Ndinadziwa kuti zanga zatha.

Pamenepo mayi a Elube, amene chiyambire anali asanalankhulepo ine ndili pomwepo, anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Achimwene, mwanayu walakwa chifukwa choopa kuima kumutu kwanu. Mphunzitsi wanu uja dzana anakupatsani moni ali pamwamba pa njinga."

A Mukhuna anayang'ana mlongo wawo. Anatsokomola, anasisita thumba lakumanja lija, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kufumbi la m'maondo.

"Ankhoswe ake abwere Loweruka," anatero. "Mkamwini wosadziwa kumanja ndi kumanzere ndi wabwino. Ngakhale atafuna kuthawa ukwati, adzasochera n'kutulukiranso pakhomo pathu pomwe."

Sindinathawe. Ndakhala ku Chiringa mpaka imvi zino, ndipo ana athu onse mitima yawo ili kumanzere, ndinawayeza ndekha nditaima kumutu. A Mukhuna anasiya fodya, anakhala ndi moyo zaka zina zambiri, koma thumba la jekete sanalibweze. Ankati likhale pomwepo, mkamwini aziliona.

Mpaka lero, ndikamalozera mlendo njira n'kunena kuti akafika pamphambano akhotere kumanja, Elube amatulutsa mutu pakhomo n'kufunsa mokoma mtima kuti, "Kumanja kwa ndani, adokotala?"

Ulemu ndi wabwino, anzanga, koma mukagwada kumapazi kwa apongozi, muziyamba mwafunsa kuti dzanja lawo lodyera ndi liti.